Utsi Padenga Langa

Lolemba, 6 Januwale

Mvula mamilimita 6, m'mawa wokha. Nkhuku 7, mazira 4. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi atsala 19.

Mkamwini amuimitsa ntchito. Kalata ya tsamba limodzi, mizere 14, mawu oti "kulekerera" katatu. Mwana wanga wabwera nayo kuno maso ali psuu, kuti ndiwerenge ndekha, ngati kuti ndikawerenga ine mawu asintha. Sanasinthe. Mlandu ukamveka ku khonsolo pa 28. Masiku 22.

Ndilembe bwino chimene chinachitika, pakuti kumsika akusimba kale mitundu inayi. Loweruka kunagwa chimvula, mamilimita 41 pa ola limodzi ndi theka. Madzi anachuluka kusuweji, kumene zonyansa za tauni yonse zimakayeretsedwa, kumene mkamwini ndi kapitawo. Iye anatsegula chitseko chopatutsira madzi kumtsinje. Maola atatu, za m'zimbudzi zathu zikulowa mumtsinje zosayeretsedwa. Kumunsi kwa chigwa anthu amachapa ndi kutunga momwemo. Ana 11 ali kuchipatala, kutsegula m'mimba.

Zaka 24 pa ntchito imodzi. Akamuchotsa ndi mlandu wotere palibe adzamulembenso, ngakhale yosesa.

Pamene ankafunsira mwana wanga ndinakana miyezi 8. Ndinkati mwana wa mphunzitsi wa masamu sangakwatiwe ndi wovundula zimbudzi za anthu. Ndalemba chifukwa ndi zoona. Chimwalirire amuna anga, wovundula zimbudziyo ndiye amakwera chitunda Lachisanu lililonse kudzandiona. Zaka 9. Pa masabata 468 waphonya atatu okha.

Lachitatu, 8 Januwale

Dzuwa tsiku lonse. Ana atuluka 4, atsala 7. Zikomo Mulungu pa anayiwo.

Mkamwini wabwera, ngakhale si Lachisanu. Munthu wozolowera kudzuka 5 koloko sadziwa poika manja. Wandikonzera chitseko cha khola chimene sichinali choonongeka.

Ndamukhazika pansi. Tiyi makapu awiri, mafunso 12. Kusuweji kuli maiwe anayi otsatizana. Loyamba lili pamtunda, lotchingidwa ndi khoma la dothi, ndipo kunsi kwa khomalo kuli nyumba 30 ndi sukulu ya mkaka. Loweruka lija madzi anatsala zala zinayi kuti adumphe khoma. "Amayi, ndinasankha pakati pa kuipitsa mtsinje ndi kufukula anthu m'matope." Ananena maso ali m'kapu.

A khonsolo akuti mapaipi a suweji ndi otseka, amanyamula za m'bafa ndi za m'chimbudzi basi, mvula ingalowemo bwanji? Ndiye kuti kapitawo anagona, kapena sanachotse zinyalala pa sefa. Iye akuti mvula imalowa. Walemba makalata 5 pa zaka 7. Yankho nthawi zonse limodzi: bweretsani umboni. Makina oyezera kuchuluka kwa madzi anafa zaka ziwiri zapitazo.

Potsanzika ndinamupatsa mazira 6. Anakana. Ndinamuikira m'thumba la jekete. Akasweka ndi zake.

Lachinayi, 9 Januwale

Belu!

Landibwerera ndikutsuka mbale. Kusuweji kuli belu lamagetsi limene limalira madzi akafika pa mzere wofiira. Limamveka mpaka kuno, chigwachi chimakuza phokoso ngati mgolo wopanda kanthu. Limandinyansa kuyambira kale. Ndipo chilichonse chondinyansa ndimachilemba, ndi nthawi yake: galu wa aneba, kuzima kwa magetsi, belu.

Ndatsitsa makope pamwamba pa kabati. 9, chaka chilichonse lake. Kumanzere mvula: tsiku, nthawi imene yayamba, mamilimita a m'choyezera changa cha pampanda. Kumanja zina zonse. Kuyambira 8 mpaka 4, rula ndi pensulo. Nkhomaliro ndaiwala.

Belu lalira ka 47 pa zaka 9. Ka 47 konseko mvula inali yoposa mamilimita 20. Tsiku lopanda mvula silinalirepo, ngakhale kamodzi. Ndipo ichi: limalira pakati pa mphindi 35 ndi 45 chiyambire mvula. Loweruka lija, 38.

Ndabwereza kawiri. Yankho lomwelo.

Mwana wanga amawaseka makopewa. Amati ndidzadzuka m'bokosi kuti ndiwerenge olira. Aseke.

Lachisanu, 10 Januwale

Mvula mamilimita 3. Mazira 5.

Ndamuonetsa mkamwini. Ndinakopera zonse 47 pa pepala limodzi loyera. Anatsata ndi chala mzere ndi mzere, ngati mwana wa kalasi yoyamba. "Amayi, kani belu langa lakhala likukusautsani chonchi?" Anaseka. Kenako anatuluka kukayang'ana nkhuku kwa mphindi 11. Nkhuku zilibe chachilendo.

Chondidabwitsa: sanasangalale monga ndimayembekezera. Anafunsa kawiri ngati ndikufunadi kuti pepalali lipite ku khonsolo. "Zinthuzi mukaziyamba, Amayi, simudziwa kumene zikathere." Ndinamuuza kuti samu imathera pa yankho, kaya yankholo ukulikonda kaya ayi.

Mwina ndi kutopa. Mwana wanga akuti mwamuna wake sakudya, amangotembenuza supuni.

Lolemba, 13 Januwale

Ku khonsolo, ine ndi mkamwini. Masitepe 26, bondo lawerenga nane.

Injiniya wa tauni ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa. Benchi yachitatu, wamanzere, inki m'zala zonse. Tsopano magalasi ndi imvi ziwiri. Anaimirira nditalowa. "Aphunzitsi, mwabwera kudzachonga?"

Anayang'ana pepala langa mphindi 25 osanena kanthu. Ndinakondwa. Wophunzira wabwino sathamangira kuyankha.

Wanena izi. Madzi olowera m'ming'alu ya mapaipi amabwera pang'onopang'ono, mawa lake kapena mkuja. Awa akufika pa mphindi 40, nthawi yeniyeni imene madzi amatenga kutsika m'paipi kuchokera kumtunda kuno kukafika kusuweji. Ndiye kuti akuchokera pamadenga. Anthu amalumikiza mobisa paipi ya madzi a padenga ku paipi ya suweji, kuti pakhomo pasachite matope. Lamulo limaletsa. Palibe anayamba wafufuza.

Koma a Wapampando a khonsolo samva manambala, amamva maso. Njira ilipo: kupopera utsi m'mapaipi a pansi pa msewu. Utsi woyera, wosapweteka. Ukatulukira m'ngalande ya madzi a padenga la munthu, wagwidwa. Makina akabwereka ku tauni ina. Lachiwiri la sabata yamawa, pa 21.

Anthu osaganizira anzawo! Ndinanena mokweza mu ofesimo, alembi awiri anacheuka. Iwe kufuna bwalo louma, ana a anzako akumwa zonyansa. Mkamwini anangoyang'ana nsapato zake.

Ana atsala 2.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndapita kusuweji. Ndinapempha ndekha. Zaka 19 ali mkamwini wanga, kuntchito kwake ndinali ndisanapondeko.

Woimitsidwa saloledwa kulowa. Anandifikitsa pageti n'kukhala pamwala. Wachiwiri wake ndiye anandiyendetsa, bambo wamfupi wa nthabwala. "Takulandirani, Agogo. Kuno ndi kumene tauni yonse imafanana. Za bwana, za wantchito, mtundu umodzi."

Poyamba sefa yachitsulo, mipiringidzo 32. Zokodwapo: nsanza, matewera, misuwachi, masupuni, tsiku lina mano oikirira a munthu. Amazikoka pamanja ndi chitsulo cha mano ataliatali, kanayi pa tsiku. Mphindi 10 zoyamba ndinagwira mpango pamphuno. Kenako ndinaona anthu awiri akugwira ntchito nkhope zili pamtunda, ndinachita manyazi, ndinaubweza m'chikwama.

Dziwe loyamba lakuda bii. Lachiwiri lotuwa. Lachitatu lobiriwira ndi ndere. Lachinayi, abakha 13, ndi nsomba zoti sizinalole kuwerengedwa. Ndimaganiza kuti amathira mankhwala migolomigolo. Ayi. Dzuwa, mphepo, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansazo, ndi kudikira. Madzi amayenda masiku 30 kuchokera dziwe loyamba kukafika kumtsinje. Mvula ikalowa imawathamangitsa, ngati kukweza mwana kalasi asanaphunzire.

Bamboyo anatunga madzi a potulukira m'botolo, analiimika padzuwa. Oyera mbee. Ndinaona dzanja lake kuseri kwa botolo.

Ndinaima pakhoma lija. Madenga a kunsi kwake ndawerenga 31, osati 30. Pachingwe china, timalaya ta ana 8.

Zaka 40 ndagujumula chimbudzi changa osafunsa kuti zikupita kwa yani. Zimapita kwa munthu amene ndinamukana miyezi 8.

Pageti ndinafuna kunena kanthu. Pakamwa panangotuluka zoti abakha ake ndi onenepa.

Loweruka, 18 Januwale

Sindinafune kulemba. Ndilemba.

6 koloko m'mawa, phokoso kuseri kwa nyumba. Ndatuluka ndi ndodo, ndimayesa galu uja. Mkamwini, atagwada pakona, sowo m'manja. Wafukula dothi pamene paipi ya madzi a padenga imalowa pansi.

Denga langa.

Ndinkadziwa kuti paipiyo imalowa pansi. Sindinafunsepo kuti ikupita kuti. Zaka 22 zapitazo ndinaterereka pamatope a pakhomo pano, ndinathyoka m'chiuno, masabata 10 pabedi. Nditadzuka ndinapeza amuna anga atakonza. Mvula igwe motani, bwalo langa louma gwaa. Ndinawayamikira. Ndinkaseka aneba akuyala matabwa ndi njerwa kuti afike pageti. Ndinkati ndi ulesi.

Mkamwini anazindikira zaka 9 zapitazo, tsiku loyamba kundikonzera denga. Ndinamufunsa chimene sananenere, pamene khonsolo inkafuna umboni. "Umboni ndinali nawo umodzi wokha, Amayi, ndipo unali wa apongozi." Ndinamufunsa chimene sanadulire mwakachetechete kalekale. "Ndinkaopa mungagwenso."

Makalata 5 aja ankalemba akudziwa. Ndipo Lolemba mu ofesi muja, ine ndikukuwa za anthu osaganizira anzawo, iye akuyang'ana nsapato.

Lero amafuna adule utsi usanafike, dzina langa lisalowe pa mndandanda.

Ndinamulanda sowo. Ndinati kwirirani. Anachonderera, anati anthu adzandiseka mpaka kumanda. Ndinati kufufuta cholakwa mphunzitsi akubwera ndi cholembera chofiira, kumeneko ndi kubera. Zaka 36 ndinalanga ana a eni pa mlandu umenewo.

Anakwirira. Sowo ili pansi pa bedi langa.

Lamulungu, 19 Januwale

Ulaliki sindinaumve. Ndimachita samu kuseri kwa pepala la zolengeza.

Denga: mamita 12 kuchulukitsa ndi 9, 108. Kuchulukitsa ndi mamilimita 41, malita 4,428. Migolo 22 ndi pang'ono. Ine ndekha ndimathira m'suweji malita 60 pa tsiku. Ndiye kuti Loweruka lija nyumba yanga inatumiza kwa mkamwini, pa ola limodzi ndi theka, zimene ndimatumiza pa masiku 74. Ine ndili pawindo, wotchi m'manja, ndikudandaula za belu.

Ndinawakwiyira malemu mpaka masana. Kenako ndinawakumbukira atagwada pakona pomwe paja. Munthu wa mu ofesi, wosadziwa mpini, matuza m'manja monse. "Simudzagwanso, mayi." Sindinagwedi, zaka 22. Chikondi chinali cholondola, samu ndiyo inalakwika. Ndakhululuka theka. Theka linalo mawa.

Ana onse 11 atuluka. Womaliza dzulo, wa miyezi 14. Ndinagwada, bondo likudandaula, ndipo ndinathokoza mmodzimmodzi, woyamba, wachiwiri, mpaka 11. Maina sindikuwadziwa. Mwini wake akuwadziwa.

Lachiwiri, 21 Januwale

Kwacha bwino, mphepo palibe. Mpando pakhonde 7 koloko, kope pamiyendo. Kuchokera pano ndimaona misewu 5 yotsetsereka, mpaka kumlatho.

Dzulo galimoto ya khonsolo inazungulira ndi chimkuzamawu kuchenjeza. Anthu anamva phokoso lokha.

8:20 anatsegula chivundikiro chachitsulo cha pakati pa msewu, anaikapo makina onga chimphepo chachikulu. Injiniya anali atandiuza kuti utsi wotuluka pa kapaipi ka mpweya wa chimbudzi si mlandu, kulikonse utuluka. Mlandu ndi wa m'ngalande ya mvula.

Mphindi ziwiri, palibe. Nanga ndikakhala ndalakwitsa, ndipo ndamunamiza munthu ndi pepala langa? Kenako denga la wogulitsa nyama, utsi tolotolo m'ngalande monse. La telala. Atatu pamodzi. Msewu wonse wachiwiri, kupatula nyumba imodzi. Pensulo inathyoka, ndinatenga ina.

Aneba anga a kumanzere, amene msewu wonse umawatchula a Wailesi, anatuluka ndi ndowa akukuwa moto, anakhuthulira madzi pakhoma lawo lomwe. Atamva kuti si moto anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, mwatiotcha tonse!" Kenako analoza kumbuyo kwanga, pakamwa yasaa. Kwa nthawi yoyamba pa zaka 15, a Wailesi anazima.

Sindinacheuke msanga. Ndinamaliza kulemba 36. Ndiye ndinacheuka. Utsi woyera, wowongoka, wokongola ndithu, ukukwera kuchokera pakona ya malemu. Ndinalemba 37.

Injiniya anabwera yekha, mapepala pachifuwa. "Aphunzitsi, ndilembe?" Ndinamufunsa ngati ine ndinasiyapo kumulembera cholakwa. Anati ayi, ngakhale kamodzi, ngakhale tsiku limene anali ndi malungo. Analemba.

Amene ndaona ndi maso anga: 64.

Lachisanu, 24 Januwale

Utsi wathera lero. Tauni yonse, mapaipi 231. Muli denga la msika, nyumba yogona alendo, ndi nyumba ya a Wapampando, mapaipi awiri.

Kugolosale anthu 5 sanandiyankhe moni, awiri anayankhira m'mphuno. Wina kumbuyo kwanga: "Anakumba dzenje agweramo okha." Sananame. Madzulo a Wailesi anandiponyera nthochi 6 pampanda, akuti ndikhale ndi chowerenga china, ndisiye madenga a anthu. Ndathokoza. Zinali 7, imodzi inagwera kwa nkhuku.

Mkamwini wabwera ndi mapiritsi atsopano, 30. Akuti ubwino wa kuimitsidwa ntchito ndi woti umakhala ndi nthawi yoima pamzere. Wafunsa za sowo yake. Ndati nthawi sinakwane.

Mphekesera: a Wapampando sakufuna kuti mndandanda uwerengedwe pagulu. Akuti madenga ndi nkhani ina, mlandu ndi wa chitseko basi. Zikatero utsi wonse uja wangopita kumwamba.

Lolemba, 27 Januwale

Mvula mamilimita 9. Belu chete.

Mwana wanga wandisitira diresi ya buluu. Akuti ndisakalankhule, magazi angakwere. Ndati akwere, akaone okha.

Ndayeserera pamaso pa kabati kanayi. Mphindi 3.

Lachitatu, 29 Januwale

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Holo yodzaza. Mipando 120, oimirira ankasuntha, sindinathe kuwawerenga. A kumunsi kwa chigwa anakhala kumanzere, ife a kumtunda kumanja, popanda wotiuza. Mkamwini yekha patebulo laling'ono kutsogolo, jekete lomwe lija la mazira.

A Wapampando anawerenga mlandu. Injiniya anayamba za utsi, anamudula, akuti mndandanda uli m'manja mwa ofesi. Ndinakweza dzanja. Katatu, osandiona. Ndinangoimirira. Mwa makhansala 9, ndinaphunzitsa 5. Onse asanu anawongola misana.

Ndinati za mndandanda wa ofesi sindikudziwa, ine ndili ndi wanga wa dzina limodzi. Denga langa, malita 4,428. Ndinati kapitawo wanu anatseguladi chitseko, koma madzi amene anamukakamiza ndinamutumizira ndine, apongozi ake, ndipo anandibisa zaka 9 chifukwa cha ulemu umene ine sindinamupatse. Ndinatembenukira kumanzere, ndinapepesa kwa amayi a ana 11. Ndinakhala pansi. Mphindi 2, osati 3. Gawo lomaliza, la mamilimita, ndinaliiwala.

Kenako mpando unalira. A Wailesi. "Nanenso. Ndowa yanga ndi mboni." Holo yonse inaseka, ngakhale a kumanzere. Telala anaimirira. Wogulitsa nyama. Mayi wa nyumba yogona alendo. Ndinawerenga mpaka 43, magalasi anachita nkhungu, ndinasiya. A Wapampando sanaimirire. Anakhosomola, nati nyumbayo anaigula ili choncho. Mwina ndi zoona. Yanganso inali choncho ine osadziwa.

Ndiye anaimirira mayi wa mwana wa miyezi 14 uja, mwanayo ali kumsana. "Zopepesa tamva. Koma bwanji sanatume munthu kudzatiuza kuti tisatunge?" Mkamwini anati anali ndi anthu awiri okha, onse ali pakhoma ndi matumba a mchenga, komabe akanatuma mmodzi. Anati pamenepo analakwa. Sanaonjezere mawu. Sindinayambe ndamunyadira munthu chotero, ngakhale mwana wopeza 100.

Chigamulo: abwerere kuntchito Lolemba. Kalata ya chenjezo pa nkhani yosauza anthu. Mapaipi onse 231 adulidwe pasanathe masiku 60. Makina oyezera akonzedwe. Ichi chomaliza ndidzakhulupirira ndikadzaona.

Panja ndinakumana ndi mayi uja pamasitepe. Ndinamupatsa moni. Anayankha, osamwetulira. Zakwana. Zoposa pamenepo sindinaziyenere.

Mwana wanga analira njira yonse, mkamwini akumuuza kuti anthu aganiza kuti waluza.

Loweruka, 1 Febuluwale

Ndatulutsa sowo.

Ndinafuna kudula ndekha. Ndinakoka ka 9, mkono unakana. Anamaliza iye, ka 14. Watseka kukamwa kwa paipi ya pansi ndi simenti. Ndinaima pomwepo mpaka atasalaza. Theka lija la malemu ndakhululuka lero.

Ndimayesa watha. Ayi. Wakumba kangalande kopita kumunda wa masamba. Kenako wilibala, maulendo 6, miyala yaphanthiphanthi. Anandiyendetsa kawiri kuchokera pakhomo kufika pageti, akuika kamtengo paliponse ndaponda, kuti miyala itsate phazi langa, osati lake. Miyala 17. M'mbali mwake chitsulo chogwirira. Pamapeto anatulutsa majombo akuda m'thumba. Akulu pang'ono. Akuti ndivale masokosi awiri.

Ndinanena. Zaka 19 mochedwa, koma ndinanena. Ndinati miyezi 8 ija ndinalakwa, ndipo zikomo, bambo. Anapukuta manja pa buluku nthawi yaitali. "Amayi, miyezi ija inandithandiza. Ndinaphunzira kudikira. Ntchito yathu ndi yomweyo."

Mwana wanga kukhitchini, akudziyesa wosamva. Mbale imodzi anaitsuka kanayi.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Wabwera mochedwa ndi mphindi 50, fungo la kuntchito lili m'malaya. Ndinamutsegulira ndekha. Abakha akuti tsopano ndi 15. Munthu wothamangira kumunsi kukachenjeza amusankha kale, ndi njinga yake.

Mazira 6. Sanakane.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Mapaipi odulidwa mpaka Lachisanu: 140 mwa 231. Atsala 91. A Wapampando adula imodzi mwa ziwiri.

Mvula yaikulu yoyamba chidulire. Yayamba 2:05 masana. Wotchi patebulo, mpando pawindo.

2:25. Madzi akudumpha pa paipi yodulidwa ngati mpopi wosweka. Kangalande kadzadza. Bwalo langa, kwa nthawi yoyamba pa zaka 22, thope lokhalokha. A Wailesi pakhonde pawo, akukuwa kupyola mvula: "Aphunzitsi, takulandirani kumatope!" Ndawakwezera dzanja.

2:40. Mphindi 35. Choyezera ndikuchiona pawindo, chadutsa 20 kalekale.

2:43. 38. Mkamwini ali pakhoma paja tsopano, ndikudziwa. Timalaya ta ana tija kaya anatianula.

2:50. 45.

2:58. 53. Chete. Ndatsegula windo, mwina makutu akalamba. Mvula yokha. M'makope 9 onse mulibe danga lolembamo belu losalira. Ndajambula mzere watsopano ndi rula.

3:05. Ola lathunthu.

Zikomo.

Ndavala masokosi awiri ndi majombo. Miyala ikuoneka mitu yokha, koma yonse 17 ilipo. Ndikukawerenga choyezera pampanda pomwepo, mvula isanathe. Wotchi ndaisiya patebulo. Mwala woyamba ndi uwo, kenako wachiwiri.